Gasi wokatulutsa mafuta otsalira m'thanthwe la shale

Chitsime cha mafuta chokumbidwa m'thanthwe la shale, lomwe ndi mwala wothinana kwambiri wa pansi pa nthaka, chimayamba mwamphamvu, koma chaka chikamatha chimakhala chitafooka kwambiri. Pomadzasiyidwa, mafuta amene atuluka kawirikawiri sakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a mafuta onse ali pansipo. Otsalawo amakanirira m'timabowo tating'ono kwambiri, moti madzi amene m'madera ena amawapopera pansi kuti akankhe mafuta, muno salowamo bwino.

Gasi ndiye amakwanitsa kulowa. Ku United States njirayi amaitcha huff-n-puff. Chitsime chomwe chija chimatulutsa mafuta amachipopera gasi kwa masabata angapo, nthawi zina n'kuchitseka kaye kuti gasiyo alowerere, kenako n'kuchitsegula. Gasi akapanikizidwa mokwanira amasungunukira m'mafuta. Mafutawo amafufuma, amapepuka, n'kuyamba kutsetserekera m'ming'alu imene inang'ambidwa pokonza chitsimecho. Mafuta akachepanso, amabwereza kupopera gasi.

Kupopera gasi pansi si nzeru yachilendo. Ku SACROC, malo okumbako mafuta m'chigawo cha Texas, anayamba kupopera gasi wa carbon dioxide mu 1972, koma limenelo ndi thanthwe lolola zinthu kudutsamo. Pa shale, nkhani inamveka mu 2016 pamene kampani ya EOG Resources inalengeza kuti ku Eagle Ford, dera la shale ku Texas komweko, njirayi ikhoza kuwonjezera mafuta a chitsime ndi 30 mpaka 70 peresenti, pogwiritsa ntchito gasi wochokera m'zitsime za komweko. Zimenezi ine zimandikhudza, chifukwa m'madera ena gasi wotere amangoyatsidwa moto usana ndi usiku posowa mapaipi omutengera kumsika.

Chovuta chenicheni n'kumusunga gasiyo pamalo. Ku Bakken, dera lina la shale m'zigawo za North Dakota ndi Montana, poyesa koyambirira gasi ankathawira m'ming'alu n'kukatulukira m'zitsime zoyandikana. Zili ngati kupopa tayala la njinga lobooka: thukuta lonse, koma tayala silikhwima. Gasi akathawa choncho, kupanikizika kofunika kuti asungunukire m'mafuta sikufikika, ndipo ndalama zogulira makompuresa akuluakulu opanikizira gasi zimalowa m'madzi.

N'chifukwa chake kampani ikati iyesa njirayi, ine ndimayamba kufunsa za ming'alu: yafika pati, yalumikizana ndi zitsime zingati, ndipo kodi zitsime zonse zolumikizanazo azipopera ndi kuzitsekera limodzi? Mtundu wa gasi ndimafunsa pambuyo.