Akati "tikudikira kafukufuku", fayilo yanu ya unzika imakhala ili kuti?

Bambo wina wa cha ku Limbuli adafika mu ofesi mwanga atakumbatira jumbo ya mapepala ngati mwana wakhanda. Adabadwira tsidya lija la mtsinje wa Muloza, adawoloka ali mnyamata nthawi ya nkhondo, ndipo moyo wake wonse wachikulire wathera m'mizere ya tiyi kuno ku Mulanje. Mkazi wake ndi wa kwa Njema, ana onse adabadwira konkuno. Adapempha unzika wa Malawi, ndalama adalipira, lisiti ali nalo, koma ulendo uliwonse amabwerako ndi mawu amodzimodzi: fayilo ikudikira kafukufuku. Atakhala pansi adandifunsa motsitsa mawu kuti, "Achimwene, ndiuzeni zoona, kodi andipeza ndi mlandu wanji?"

Funso limeneli ndalimva kangapo pa ntchito yanga yothandiza anthu pa zamalamulo, ndipo yankho lake nthawi zambiri ndi lakuti palibe mlandu. Mawu akuti kafukufuku sadathe satanthauza kuti mwakanidwa, komanso satanthauza kuti akukukayikirani. Amatanthauza kuti ofesi imene mudaperekako fomu ikudikira yankho lochokera ku ofesi ina, ndipo payokha singapitirire.

Tisanafike kumeneko, pali chinthu chimene anthu a m'malire ayenera kuyamba atsimikiza, chifukwa ena amaima pa mzere umene si wawo. Malinga ndi lamulo la unzika la chaka cha 1966, kungobadwira m'Malawi sikupatsa munthu unzika. Chimene chimawerengedwa ndi kholo: ngati bambo kapena mayi anu ndi nzika ya Malawi, ndipo mudabadwira muno, ndinu nzika kale, simufunika kupempha kwa wina aliyense. Ana a bambo uja ndi Amalawi kudzera mwa mayi awo, ngakhale bambo awo akadali pa mzere. Chimodzimodzi zidzukulu za Alhomwe amene adawoloka kalekale kudzagwira ntchito m'maesiteti nthawi ya thangata, dziko lisanalandire n'komwe ufulu mu 1964. Vuto la anthu otere, likakhalapo, limakhala la umboni pokatenga chitupa ku NRB, ofesi ya boma yolembetsa anthu ndi kupereka zitupa za unzika, ndipo limatha ndi kalata ya amfumu ndi mboni. Nkhani ya lero ndi ya munthu amene ndi nzika ya dziko lina ndipo akufuna kukhala Mmalawi.

Kwa munthu wotere lamulo limafuna zingapo. Nthawi zambiri akhale kuti wakhala m'dziko muno zaka 7, akhale wodziwa Chingerezi kapena chilankhulo cha kuno, akhale wotha kudziyimira pa chuma, akhale ndi cholinga chokhazikika muno, ndipo akhale wa khalidwe labwino. Zinazo n'zosavuta kuona pa pepala kapena pocheza naye. Koma khalidwe labwino simungalione pa nkhope. Ofisala wa ku nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, imene tonse timangoti ku Immigration, alibe kaundula wa milandu m'kabati mwake. Ayenera kufunsa apolisi ndi ena oona zachitetezo, ndipo zonse zikakwana fayilo imakwera kupita kwa nduna, chifukwa mphamvu yopereka unzika wopempha ili m'manja mwa nduna, osati mwa kalaliki amene mumamuona pa windo. Choncho kukalipira kalalikiyo kuli ngati kukwiyira kondakitala chifukwa mlatho wakokoloka.

Poyamba pamene pamagwa fayilo ndi pa zidindo za zala. Apolisi amafufuza mbiri ya munthu poyerekeza zidindo zake ndi zimene zili m'kaundula wa milandu ku likulu lawo ku Area 30 mu Lilongwe. Chidindo chikatuluka chosaoneka bwino, sangalembe kuti munthuyu alibe mlandu. Amabweza kuti adindenso. Tsono taganizani zala za munthu amene wathyola tiyi zaka makumi awiri, kapena woumba njerwa, kapena mayi amene manja ake sachoka m'madzi ndi sopo. Mizere ya pa chala imafufutika, khungu limang'ambika. Uthenga woti akadindenso nthawi zina suwafika eni ake, makamaka ngati nambala ya foni imene adalemba pa fomu idatayika limodzi ndi simukhadi. Fayilo imangogona, mwini wake akuganiza kuti akufufuzidwa mozama, pamene chimene chikufunika ndi inki ndi mphindi khumi. Ndimalangiza anthu kuti masiku angapo asanakadinde azipumitsa manja ku ntchito yokalipa ngati n'kotheka, azidzola mafuta usiku, ndipo asachoke pa tebulo asanaone okha kuti zidindo zatuluka bwino.

Pachiwiri, ndipo apa ndi pamene ife a m'malire timavutikira kwambiri, ndi pa mayina. Munthu mmodzi akhoza kukhala João pa chitupa cha ku Mozambique, Juwawo m'buku la tchalitchi, John m'kaundula wa pa esiteti. Tsidya lija adamulemba ndi dzina la bambo ake, kuno adamulemba ndi la amalume amene adamulera. Chaka chobadwa china adachita kumuyerekezera kapitawo poona msinkhu. Kwa ife palibe chodabwitsa, mudzi wonse ukudziwa kuti ndi munthu yemweyo. Koma wofufuza amene wakhala mu Lilongwe akuona mapepala atatu a anthu atatu, ndipo ntchito yake ndi kukayika. Munthu wofuna kubisa mbiri yoipa amachitanso chimodzimodzi, amasintha dzina ndi chaka. Mankhwala ake ndi kalata yolumbira pamaso pa majisitireti kapena loya, yofotokoza kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi komanso chimene chidachititsa kusiyanako, ndipo ndi bwino kuipereka limodzi ndi fomu pa tsiku loyamba, osadikira kuti akufunseni. Bambo wa ku Limbuli uja nkhani yake idali yomweyi. Titayala mapepala ake pa tebulo tidapeza zaka zobadwa ziwiri zotalikirana zaka zitatu.

Kenaka pali dziko limene mudachokera. Boma la Malawi lingafune kudziwa ngati simudasiye mlandu kwanu, ndipo lilibe mphamvu yolamula ofesi ya dziko lina kuti ifulumire. Kwa wochokera ku Mozambique, kalata yoonetsa kuti alibe mlandu imatuluka m'Chipwitikizi, ndiye pamafunikanso womasulira wovomerezeka. Kuti aipeze ayenera kukhala ndi chitupa cha kwawo, ndipo ambiri amene adathawa nkhondo imene idatha mu 1992 adawoloka chimanjamanja. Nthawi imeneyo Malawi idasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo m'maboma ambiri a tsidya lija mabuku a kaundula adapsa kapena kutayika. Munthu amayenera kuyamba kaye wakatsimikizira ku Milange kuti iye ndi wa kumeneko, kuti kenaka adzathe kupempha kukhala wa kuno. N'zopweteka mutu, koma palibe njira yachidule.

Choipa china n'chakuti makalata a kupolisi sakhala mpaka kalekale. Ofesi zambiri sizilandira kalata imene yapitirira miyezi ingapo. Ndiye zimachitika kuti ya ku Mozambique ikamafika, ya kuno yatha mphamvu; mukakonzanso ya kuno, ina ija yakalamba. Tengani kaye yovuta kupeza, ya kunja, ndipo ya kuno muitenge pomaliza.

Ena amandifunsa kuti, nanga bwanji boma limakhwimitsa chonchi pa anthu osauka amene sadalakwire munthu? Kumbukirani kuti mu 2020 bwalo lalikulu la milandu lidapeza a Uladi Mussa, amene adakhalapo nduna ya za m'dziko, olakwa pa mlandu wogwiritsa ntchito udindo molakwika pa nkhani yopereka unzika ndi mapasipoti kwa anthu akunja. Maganizo anga ndi akuti nkhani ngati imeneyo ikachitika, wogwira ntchito m'boma aliyense amaphunzira kuti kusaina msanga kungamutengere ku ndende, pamene kusunga fayilo m'dirowa sikudamangitsepo munthu. Kufufuzako ine sindikutsutsa. Pasipoti ya Malawi ikayamba kugulidwa ngati tomato pa Chitakale, amene tidzavutike pa zipata za mayiko ena ndife tomwe. Chimene sindigwirizana nacho ndi kudikiritsa munthu popanda kumuuza chimene chikusowa. Gawo 47 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu asamanidwe unzika mwachisawawa, ndipo gawo 43 limapatsa munthu aliyense, osati nzika zokha, ufulu woti nkhani yake iyendetsedwe mwachilungamo ndi ofesi za boma komanso kupatsidwa zifukwa polemba pamene chiganizo chikukhudza ufulu kapena zofuna zake. Unzika wopempha si chinthu chimene boma limakakamizidwa kupereka, koma yankho lomveka ndi loyenera kuperekedwa.

N'chifukwa chake ndimauza anthu kuti asiye kungoyenda ndi pakamwa. Ndalama ya minibasi yochoka ku Muloza kukafika ku Limbe ndi kubwerera, mwezi ndi mwezi, ingathe kulipira fizi ya mwana. Lembani kalata yaifupi, ikani nambala ya fayilo ndi tsiku limene mudapereka fomu, funsani mwachindunji kuti ndi lipoti la ofesi iti limene likudikiridwa komanso ngati pali chimene inu mungabweretse. Pangani makope awiri, ina akudindireni isanduke umboni wanu. Mukasintha foni kapena malo okhala, adziwitseni polemba. Makalata awiri kapena atatu akapita popanda yankho kwa nthawi yaitali, mukhoza kukadandaula kwa Ombudsman, amene ntchito yake ndi yomweyi yoona madandaulo a anthu pa ofesi za boma, ndipo salipiritsa. Kubwalo la milandu n'kotheka kupita, koma dziwani kuti woweruza angalamule kuti nkhani yanu aiganizire ndi kuyankha. Si iye amene angakupatseni unzikawo.

Pamene mukudikira, chilolezo chanu chokhalira m'dziko chisathe. Ambiri amaganiza kuti lisiti la unzika ndi chishango, ayi. Mpaka tsiku limene mudzalumbire ndi kulandira satifiketi, lamulo likukuonani ngati mlendo, ndipo chilolezo chikatha mwadzipangira nokha banga limene wofufuza adzalipeze. Musayesenso kudula njira polembetsa chitupa cha unzika ngati Mmalawi pogwiritsa ntchito kalata yabodza ya amfumu. Kuyambira kalembera wa zitupa za unzika wa 2017 zidindo za zala zili mu kompyuta, ndipo bodza limenelo likadzaululika limagwetsa pempho lonse.

Za madobadoba sinditaya nthawi. Amene akukuuzani kuti ali ndi munthu wake mkati woti akankhe fayilo, mufunseni kuti akankha bwanji lipoti limene silidalembedwe. Unzika wopezeka mwachinyengo lamulo limalola kuti ulandidwe, ndipo ndalama yanu sidzabwerera.

Bambo uja tidamulembera kalata yolumbira ya mayina ndi zaka, amfumu ake ndi mkulu wa mpingo adaikapo umboni wawo, ndipo adakadindanso zala atapuma sabata imodzi osagwira dengu. Kalata ya tsidya lija adakaitenga yekha pa njinga, maulendo atatu. Satifiketi sadalandirebe. Koma sabata yatha adandiimira pa msika wa Limbuli, thumba la nandolo lili pa kaliyala, n'kundionetsa pepala lodindidwa limene likunena kuti lipoti la apolisi lafika ndipo kwatsala limodzi. Adalipinda kanayi n'kulibwezera m'jumbo muja.