Matcha ndi wa yani? Lamulo la 1391 limene linapatukitsa tiyi wa ku China ndi wa ku Japan

Chakumapeto kwa 2024, masitolo akale a tiyi a ku Kyoto ndi ku Uji ku Japan, monga Ippodo ndi Marukyu Koyamaen, anayamba kuika malire pa kuchuluka kwa matcha amene munthu mmodzi angagule. Ufa wa tiyi wobiriwirawu unali utatchuka dziko lonse, koma mphero yamiyala sithamanga: imodzi imapera magalamu pafupifupi 40 pa ola. Mafakitale a ku China, makamaka a ku Tongren m'chigawo cha Guizhou, analowa pa mpata umenewo, mkangano n'kuyambika. Ena ku Japan akuti wa ku China ndi wongotengera. A ku China akuyankha kuti munthu sangatengere chimene anachiyamba yekha.

Mlendo amene wayenda m'maiko onse awiri amadabwa ndi yankho limeneli, chifukwa zimene maso ake aona sizigwirizana nalo. Ku Chengdu ku China, panyumba ya tiyi ya Heming m'paki ya pakati pa mzinda, umakhala pampando wansungwi, amakupatsa masamba m'kambale kovindikira kotchedwa gaiwan, ndipo madzi otentha amangowonjezeredwa mpaka utatopa wekha. Pafupi nawe anthu akusewera mahjong, ena akukukuta nthangala za mpendadzuwa, wina wapendeketsa mutu akumuchotsa phula m'khutu. Ufa wa tiyi suuona paliponse. Ku Kyoto, m'chipinda cha mwambo wa tiyi, umalowa chokwawa pa kakhomo kosakwana mita imodzi, umagwada pamphasa za tatami, umayamba wadya kotsekemera, kenako mwininyumba amatakasa ufa ndi kachipangizo kansungwi kotchedwa chasen mpaka thovu lituluke. Mbale umailandira ndi manja awiri, n'kuitembenuza pang'ono usanamwe. Alendo ambiri amabwerako akunena kuti Achina ndi omasuka, Ajapani ndi amalamulo, ngati kuti anthuwo anabadwa choncho. Ine sindivomereza. Kusiyanaku kuli ndi chaka chake.

Za mlembi wa ku China Lu Yu ndi buku lake la tiyi la m'zaka za m'ma 760 zanenedwa kokwanira. Nkhani yathu ikuyamba mu ufumu wa Song, pamene anthu apamwamba a ku China ankamwa tiyi mofanana kwambiri ndi mmene a ku Kyoto amamwera lero: ufa, madzi otentha, kutakasa ndi nsungwi m'mbale zakuda za ku Jian kuti thovu loyera lionekere. Mfumu yaikulu Huizong inalemba yokha malangizo a katakasidwe mu 1107. Mmonke wachibuda Eisai, pobwerera kwawo ku Japan mu 1191, anapita ndi kamwedwe kameneka. Zolembedwa za ku Kamakura zimati mu 1214 anapatsa mtsogoleri wa asilikali Minamoto no Sanetomo tiyi atadzuka ndi matsire. Apa a ku China akunena zoona, ndipo nyumba zosungiramo zakale za ku Japan zikuwachitira umboni: mbale zitatu zosasweka za mtundu wa yohen tenmoku, zimene Japan amaziwerenga m'gulu la chuma cha dziko, zinaumbidwa ku Fujian.

Koma tiyi wa mafumu a Song sankafika ali ufa. Ankafika ali timikate tolimba todinda chinjoka, topangidwa m'minda ya mfumu ya Beiyuan ku Jian'an, m'chigawo cha Fujian, ndipo ntchito yake inali yowawa. Zolembedwa za nthawi imeneyo zimati ng'oma inkalira kusanache, otchola n'kukwera phiri, ndipo dzuwa likangotuluka ankaleka. Mphukira ankaidula ndi chikhadabo, osati ndi nsonga za zala, kuopa kuti thukuta lingaiononge. Ankaziika pa nthunzi, kuzifinya, kuzipera ndi madzi mobwerezabwereza, kuziumba m'chikombole, n'kuziumitsa pamoto kwa masiku angapo. Mlembi wa nthawiyo Ouyang Xiu analemba kuti timikate tating'ono 20, tolemera jin imodzi (kupitirira pang'ono theka la kilogalamu), tinkagulidwa ndi ma liang awiri a golide (magalamu pafupifupi 80), n'kuwonjezera kuti golide ungamupeze koma tiyiyo ayi. Zonsezi zinali mtulo wa kwa mfumu. Ife amene agogo athu analawa thangata m'minda ya azungu ya ku Thyolo ndi ku Mulanje sitifunika kufotokozeredwa kuti thukuta la mtulo wotere linkachokera kwa yani.

Munthu amene anathetsa zimenezi anali Zhu Yuanzhang, mwana wa alimi osauka amene makolo ake anafa ndi njala ndi mliri mu 1344, iye n'kukabisala kunyumba ya amonke ndi kuyenda akupemphetsa. Mu 1368 anakhazikitsa ufumu wa Ming. M'mwezi wachisanu ndi chinayi wa chaka cha 24 cha ulamuliro wake, chimene ndi 1391, analamula kuti timikate ta chinjoka tileke kupangidwa, ndipo mtulo uzibwera uli mphukira zouma basi. Chifukwa chimene chinalembedwa n'chakuti ntchitoyo inkalemetsa anthu. Panyumba ya mfumu pakaleka kufunidwa chinthu, amisiri ake amabalalika. Achina anayamba kungoviika masamba m'madzi otentha, kukazinga masamba m'chiwaya kunafala m'malo mowaika pa nthunzi, mbale zakuda zinasiyira malo makapu oyera oonetsa mtundu wa madziwo, ndipo oumba a ku Yixing anatchuka ndi timiphika ta dothi. Kamwedwe ka ku Chaozhou ka kamphika kamodzi ndi timakapu titatu, ngakhalenso gaiwan ya ku Chengdu ija, n'zidzukulu za kusintha kumeneku.

Kodi lamulo limodzi lingachite zonsezi? Akatswiri a mbiri amachenjeza, ndipo akulondola pang'ono. Wang Zhen, polemba za ulimi cha m'ma 1313, anatchula kale tiyi wamasamba kuti anthu wamba ankamwa. Zhu Quan, mwana wa Zhu Yuanzhang yemweyo, cha m'ma 1440 ankaperabe masamba n'kutakasa ufa. Shen Defu, amene anayamikira lamuloli, analemba patapita zaka zoposa 200, kamwedwe katsopano katapambana kale. Ndiye mfumu inakankha khoma limene linali litayamba kale kupendekeka. Komabe kukankhako kunali kofunika, chifukwa luso lamtengo wapatali limakhala ndi moyo pokhapokha alipo wolilipirira.

Ku Japan lamulo la Ming silinafike. Amonke a Zen anapitiriza kutakasa, asilikali ndi amalonda a ku Sakai n'kutengera. Katswiri wa mwambo wa tiyi Sen no Rikyu, wobadwa mu 1522, anachepetsa zonse: chipinda cha Tai-an chili ndi mphasa ziwiri zokha, ndipo iye anakonda mbale zosasalala zoumba ndi manja kuposa zodula za ku China. Toyotomi Hideyoshi, wolamulira Japan panthawiyo, amene anali ndi chipinda cha tiyi chokutidwa ndi golide, anamulamula kudzipha mu 1591. Zifukwa zimene zinalembedwa, monga chosema cha Rikyu pachipata cha kachisi wa Daitoku-ji ndi mlandu wogulitsa ziwiya modula, n'zopepuka poyerekeza ndi chilangocho, ndipo akatswiri amatsutsanabe. Mabanja atatu a mbadwa za Rikyu akusungabe mwambowu mpaka lero.

Chimene otsutsana ambiri amachidumpha chinachitikira kumunda. M'zaka za m'ma 1500 alimi a ku Uji anayamba kuphimba mitengo ya tiyi ndi mabango ndi mapesi a mpunga kwa milungu ingapo asanatchole. Tsamba lokulira mumthunzi limabiriwira kwambiri, kuwawa kumachepa. Masambawo, otchedwa tencha, saumbidwa kukhala timikate. Amaumitsidwa, kuchotsedwa mitsempha, n'kuperedwa. Huizong ankafuna thovu loyera. Matcha wa lero ndi wobiriwira chifukwa cha alimi amenewa. Choncho China ali ndi ufulu wonyadira chiyambi, ndipo UNESCO itavomereza miyambo ya tiyi ya ku China mu Novembala 2022, phwando la tiyi la kukachisi wa Jingshan, kumene amatakasabe ufa, linali m'gulumo. Koma fakitale ya ku Tongren ikaphimba minda yake ndi maukonde akuda, ikutsata njira ya ku Uji, osati ya ku Beiyuan, ndipo alimi a ku Uji, ambiri a iwo okalamba, amadikira zaka pafupifupi 5 kuti mtengo watsopano uyambe kubereka.

Mlendo adziwenso kuti Mjapani wamba samwa matcha tsiku ndi tsiku. Amamwa sencha, masamba oviika m'kamphika, kamwedwe ka Ming kamene kanawoloka nyanja mochedwa. Dzina la mmonke wa ku Fujian Yinyuan Longqi, amene anafika mu 1654 ndi kumanga kachisi wa Manpuku-ji ku Uji komweko, limatchulidwa pa nkhani imeneyi, ndipo mu 1738 mlimi Nagatani Soen wa ku Ujitawara anapeza njira yoika masamba pa nthunzi, kuwafikisa ndi manja ndi kuwaumitsa osataya kubiriwira. Ndi tiyi ameneyo amene angakupatseni kunyumba ya munthu kapena kuofesi ku Japan, popanda kugwada kapena kutembenuza mbale.