Ndalama za ku Joni sizilera mwana zokha

Ambiri timaganiza kuti mwana amene makolo ake ali ku Joni sasowa kanthu, ndipo agogo omulera amangokhala pansi kudikira uthenga wa Mukuru. Maganizowa ndi a nthawi ya Wenela ndi TEBA, pamene abambo ankabwera kuchokera ku migodi ndi njinga ndi wailesi. Komatu nthawi imeneyo amayi ankatsala ndi ana. Lero ku Mangochi, Mzimba ndi Nkhata Bay amayi nawonso akupita, ndipo udindo wolera wagwera agogo aakazi.

Ndalama zimagula ufa ndi yunifolomu, inde. Koma mwana akatentha thupi usiku, odzuka ndi agogo, n'kumubereka mpaka kuchipatala pomwe iwonso miyendo ikuwaphwanya. Nanga iwowo amawasamala ndani?

Tisamafulumirenso kunena kuti makolowo anatchona. Mmalawi amaloledwa kukhala ku South Africa masiku 30 popanda viza. Akapitiriza masikuwo, potuluka amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, mwinanso zaka 5. Ambiri amaopa kubwera, ngakhale kumaliro a mbale wawo, chifukwa ntchito imene ikudyetsa banja lonse ingathere pomwepo.