M.2 si liwiro: zoyenera kudziwa musanagule diski ya kompyuta yanu yoyamba

Ambiri amene akumanga kompyuta yoyamba amataya ndalama poganiza kuti diski iliyonse ya M.2 ndi yothamanga. M.2 ndi kapangidwe chabe: kachipangizo kopyapyala, nthawi zambiri ka 2280, kutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali. Kakhoza kukhala ka SATA kapena ka NVMe, njira ziwiri zimene diski imalumikizirana ndi kompyuta, ndipo ziwirizi zimasiyana kwambiri pa liwiro.

SATA III imalekezera pa ma MB pafupifupi 550 pa sekondi, kaya ndi SSD (diski yopanda zozungulira mkati) ya mainchesi 2.5 kaya ndi ya M.2. NVMe imadzera m'njira zothamanga zotchedwa PCIe, ndipo pa PCIe 3.0 imafika cha m'ma 3,500, pa PCIe 4.0 cha m'ma 7,000. Yang'anani kumene kuli timano tagolide: ya SATA imakhala ndi mipata iwiri, pomwe ya NVMe nthawi zambiri ili ndi umodzi. Komabe musadalire maso okha, werengani pa paketi. Ma motherboard (bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo) ambiri atsopano ali ndi malo a M.2 olandira NVMe yokha. Ya SATA imalowamo bwinobwino, koma BIOS, pulogalamu yoyambitsa kompyuta, siiona. Ngati munaitanitsa ku Maputo, kapena munakagula ku Lilongwe podzera pa Calómuè, kukabweza ndi ulendo winanso.

Buku la motherboard limaulula msampha wachiwiri. Pa ma motherboard ena, mukaika diski mu M.2, malo amodzi kapena awiri a SATA amatsekeka, chifukwa amagawana njira. Munthu amangoti hard disk (diski ya mbale zozungulira) yolumikizidwa pamenepo yafa, chonsecho akanangosamutsira waya pa malo ena.

Langizo langa ndi ili: NVMe imodzi ya 500 GB kapena 1 TB yosungira Windows ndi mapulogalamu. Musalipire zambiri pa ya PCIe 4.0 ngati motherboard ndi ya 3.0, igwira ntchito, koma pa liwiro la 3.0. Ngati mumakonza mavidiyo a maukwati kapena kusunga nyimbo zambiri, onjezerani hard disk ya SATA. Ndi yochedwa, siipitirira kwenikweni ma MB 200 pa sekondi, koma mumapeza malo ambiri pa mametikali ochepa. Imafuna mawaya awiri: wa timano 7 wopita ku motherboard, ndi wa timano 15 wochokera ku power supply, kabokosi kopereka magetsi. Ukasowa umodzi, diski siioneka.

Poika M.2, chotsani kaye pulagi kukhoma. Ilowetseni mopendekeka, cha pa madigiri 30, muitsitse pang'onopang'ono n'kumanga kasikuluwu kake, kamene nthawi zambiri kamabwera ndi motherboard osati ndi diski. Musakamange mwamphamvu.

Kuno ku Tete, kutentha si nkhani yoti n'kuipeputsa. NVMe ikapitirira madigiri 70 kapena kuposerapo imadzichepetsera liwiro yokha podziteteza. Ku Ulongwe n'kozizirirako, koma mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, komwe mu Okutobala ndi Novembala kumadutsa madigiri 40, ikani heatsink, kachitsulo kochotsa kutentha, ndithu. Kumbukirani kumatula kapulasitiki kophimba kampira ka pansi pake, chifukwa kakatsala kutentha sikuchoka. Fumbi nalonso muziliuzira kunja miyezi ingapo iliyonse, makamaka pa fani yakutsogolo, imene imapititsa mphepo pa ma diski.