Nkhuni za pa mafuwa ndi masamu a kaboni

Mu Okutobala 2024 boma la America lidatsegulira milandu akuluakulu a kampani ina powaganizira kuti ankakometsa ziwerengero za mbaula zomwe adagawa m'midzi ya ku Malawi ndi maiko ena. Kuno ku Lilongwe nkhaniyi idadzutsa funso lakale: kodi mpweya wotenthetsa dziko amauwerenga bwanji?

Malawi idalowa m'pangano la UNFCCC, la United Nations lokhudza kusintha kwa nyengo, mu 1994, ndipo lipoti lake loyamba lidawerenga mpweya wa zaka za 1990 ndi 1994. Kuwerengako sikuyeza mlengalenga monga Charles Keeling adayambira kuchitira pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958. Ndi masamu ochulukitsa. A nthambi ya Environmental Affairs amatenga chiwerengero cha ng'ombe, n'kuchulukitsa ndi makilogalamu 31 a methane (mpweya wotuluka m'mimba mwa ng'ombe) pachaka, mlingo umene malangizo a 2006 a IPCC, bungwe la akatswiri a za nyengo la United Nations, adapereka pa ng'ombe ya mu Africa yosakhala yamkaka. Kenako amachulukitsanso ndi 28 kuti zifanane ndi carbon dioxide. Petulo ndi dizilo savuta, poti amalembedwa polowa m'dziko. Mwa njira yotere, ndondomeko ya boma ya 2021 yochepetsera mpweyawu idati mu 2017 dziko lino lidatulutsa matani 9.33 miliyoni, n'kulonjeza kuti, likapeza thandizo lakunja, pofika 2040 lidzachepetsa ndi 51 peresenti mpweya umene likadatulutsa.

Koma nambala imeneyo idasiya nkhalango pambali, chonsecho malamulo a IPCC amati carbon dioxide wa nkhuni ndi makala aziwerengedwa kumbali ya nkhalango komweko. Thumba la makala lochokera ku Dzalanyama lilibe lisiti.

Zinthu zidatembenuka pamene pangano la Kyoto la 1997 lidalola kuti tani ya mpweya yopewedwa m'dziko losauka izigulitsidwa ku maiko olemera. Kuyambira apo nambala idasanduka ndalama. Pa mbaula zosatha nkhuni ngati Chitetezo, ndalamayo imatsamira pa nambala zitatu. Yoyamba ndi nkhuni zopulumutsidwa, zomwe woyeza wokhulupirika amazipeza poyeza mtolo pasikelo m'khitchini kwa masiku atatu kapena kuposerapo. Yachiwiri ndi masiku amene mbaulayo imayatsidwadi. Wofunsa akabwera ndi kope, mayi amayankha mwaulemu kuti amaphikirapo tsiku lililonse, pomwe mphika waukulu wa nsima ukadali pa mafuwa. Limenelo si bodza lake: mbaula imodzi singakwanitse ndiwo, nsima ndi madzi osamba a banja lalikulu. Woyenera kudziwa zimenezi ndi wolemba mafunsoyo.

Yachitatu, fNRB, ndiyo yovutitsitsa: gawo la nkhuni zodulidwa zomwe sizikuphukiranso. Mapulojekiti ambiri ankalemba zoposa 80 peresenti. Kafukufuku wa Bailis ndi anzake wa 2015 adapeza 27 mpaka 34 peresenti m'maiko otentha onse pamodzi. Nambala ya maiko ambiriyi singanene zenizeni za Dzalanyama, komwe mitengo inkadulidwa kwambiri mpaka boma kutumizako asilikali mu 2015, komabe kusiyanaku n'kwakukulu. Ofufuza a pa yunivesite ya Berkeley ku America mu 2024 adati matani a mpweya omwe amati mbaula zapewetsa amakuzidwa pafupifupi kasanu ndi kanayi. Eni mapulojekiti adatsutsa njira yawo, ena mwa mfundo zomveka, koma mabungwe otsimikizira malondawa akhala akukhwimitsa malamulo.

Malamulo a Article 6, gawo la malonda a kaboni m'pangano la Paris la za nyengo, omwe adamalizidwa ku Baku mu 2024, amati tani imene boma laloleza kugulitsidwa kunja isawerengedwenso ngati phindu la Malawi. Matani akakhala ongopeka, wogula amawalemba ngati enieni, ndipo mpatawo umatsalira m'buku la dziko lino.