Kodi tisiye nsima kuti tipewe matenda a shuga?

"Adokotala, ndiye ndisiye nsima?" Funso ili ndimalimva pafupifupi sabata iliyonse, ndipo wofunsayo amakhala ndi nkhawa yeniyeni, poti kwathu kuno amene sanadye nsima amati wagona ndi njala. Ndimayankha kuti musaisiye, koma mudziwe zimene imachita ikalowa m'thupi.

Nsima, mpunga, buledi, chinangwa ndi mbatata zikagayika m'mimba zimasanduka shuga n'kulowa m'magazi. Kapamba amatulutsa insulini, imene imauza minofu ndi chiwindi kuti zilandire shugayo. Mafuta akaunjikana pamimba ndi m'chiwindi, munthu n'kumaswera pampando tsiku ndi tsiku, minofu imayamba kugontha. Kapamba amawonjezera insulini kuti amveke, ndipo amatero kwa zaka zambiri mwiniwake osamva kupweteka paliponse. Akadzatopa, shuga amakwera. Mukayezedwa m'mawa musanadye, n'kupezeka ndi shuga wa m'magazi wokwana 126 mg/dL kapena kuposa pa masiku awiri osiyana, amenewo ndi matenda a shuga.

Nthawi zina thupi limachenjeza. Ndaonapo mayi akukhula khosi la mwana wake wonenepa ndi chinkhupule, akuganiza kuti ndi litsiro. Khungu lakuda ndi lokhuthala kumbuyo kwa khosi kapena m'khwapa kawirikawiri limasonyeza kuti insulini yachuluka m'magazi. Sopo sangalichotse.

Kuchepetsa zakudya zokhutitsa kumathandizadi: shuga sakwera kwambiri mukatha kudya, kapamba amapumako, ndipo ambiri amatsika thupi. Chimene sindigwirizana nacho ndi kadyedwe ka pa intaneti kongodya nyama, mazira ndi batala. Ndi mabanja angati angakwanitse zimenezo mpaka chaka? Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anapeza kuti anthu amene anali pafupi kudwala shuga anachepetsa chiopsezocho ndi 58 peresenti. Anawapempha kutsitsa thupi ndi 7 peresenti ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata. Palibe amene anawaletsa chakudya chokhutitsa.

Yambani ndi zakumwa. Botolo la 500ml la Coca-Cola lili ndi shuga woposa masupuni 10 a tiyi. Tiyi wa masupuni anayi ndi mandasi awiri, thobwa lothira shuga, zonsezi zimalowa m'magazi mwamsanga. Kenako muone mbale yanu. Ngati mumadya mitanda itatu, tsikirani pa iwiri, pambuyo pake umodzi, ndipo malo otsalawo adzaze nkhwani wotendera, bonongwe, nyemba, usipa kapena dzira. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa gaga amakhalamo, koma mitanda inayi ya mgaiwa ikwezabe shuga.

Kwa inu amene mukumwa kale glibenclamide kapena mumadzibaya insulini, chonde musachepetse nsima panokha. Shuga atha kutsika mopitirira muyeso, n'kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, mwinanso kukomoka kumene. Pitani kaye kuchipatala kuti mlingo wa mankhwala usinthidwe pamodzi ndi kadyedwe kanu.