Zikho 11 za sukulu ya Bellevue ndi mapepala amene anaigwetsa

Pa 4 September 2004, m'bwalo la Qwest Field mumzinda wa Seattle, anyamata a sekondale ya Bellevue anachita zimene matimu a sukulu ku America anali atazilephera kwa zaka 12. Pa mpira wachimereka, anagonjetsa De La Salle, sukulu ya Akatolika ya ku Concord m'chigawo cha California, imene inali itapambana masewero 151 otsatizana kuyambira mu 1992. Anatha 39 kwa 20. Odziwa masewerowa amakumbukirabe kuti usiku umenewo Bellevue sinaponyeko mpira kutsogolo ngakhale kamodzi. Inangothamanga nawo basi.

Apa tikunena mpira wachimereka, uja wa zipewa zolimba ndi zotchinga m'mapewa. Mbali iliyonse ili ndi osewera 11. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi yoti ipite patsogolo mayadi 10, ikakwanitsa imapatsidwanso ina inayi, ndipo kulowa nawo mpira kumapeto kwa bwalo ndi mapointi 6. Ku sekondale amasewera zigawo zinayi za mphindi 12, kawirikawiri Lachisanu usiku, kuyambira September mpaka kuchiyambi kwa December. Anyamata oposa 1 miliyoni amasewera mpirawu m'masukulu a dzikolo.

Bellevue ndi mzinda wa anthu opeza bwino, tsidya lina la nyanja ya Washington kuchokera ku Seattle, kufupi ndi Redmond kumene kuli likulu la Microsoft. Sukuluyi ndi yaboma. Butch Goncharoff atatenga ukochi mu 2000, timu yake ya Wolverines inatenga chikho cha chigawo cha Washington m'gulu la 3A (masukulu amagawidwa m'magulu malinga ndi kuchuluka kwa ophunzira) maulendo 11: kuyambira 2001 mpaka 2004, mu 2006, kenako zaka zisanu ndi chimodzi zondondozana kuyambira 2008 mpaka 2013. Inapambanapo masewero 67 osagonja, mpaka Eastside Catholic inaiimitsa mu ndime yotsiriza ya 2014. David DeCastro, Myles Jack ndi Budda Baker, amene pambuyo pake anasewera mu NFL, ligi yaikulu ya akatswiri a mpirawu ku America, anadutsira pamenepa.

Tisanafike pa milandu yophwanya malamulo imene inaigwetsa, tinene chilungamo: timuyi inkadziwa mpira. Kaseweredwe kake kankatchedwa Wing-T, kamene kanakulira pa yunivesite ya Delaware m'ma 1950. Othamanga ndi mpira atatu amaima moyandikana kumbuyo kwa mzere wa otchinga. Mpira ukangotuluka, onse atatu amathamanga atakumbatira pamimba ngati aunyamula, wina kumanzere, wina kumanja, wina pakati, pamene wogawa mpira watembenuza msana kuti adani asaone amene waulandiradi. Otchinga awiri a m'mbali mwa wapakati amachoka pamalo awo n'kuthamangira kumene mpira ukupita kukalambula njira. Woteteza akazengereza theka la sekondi kufunafuna mpira, wadutsidwa kale. Kaseweredwe aka sikalira zimphona. Kamalira kubwereza phazi lomwelo kambirimbiri mpaka mwendo uzidziwa wokha, ndipo n'chifukwa chake ana a m'deralo ankayamba kukaphunzira ali m'matimu a ana, asanafike n'komwe ku sekondale.

Koma timu yopambana chaka ndi chaka imasanduka nyambo. Ku America, mnyamata woonedwa ndi makochi a mayunivesite angathe kupatsidwa sikolashipu yolipira maphunziro onse, ndipo makochiwo amapita kumene kuli zikho. Kholo la mwana waluso amene akukhala dera lina limayamba kuwerengera. Nayo timu imafuna mwanayo. Pakati pawo paima malamulo a bungwe la WIAA, limene limayendetsa masewero a m'sukulu m'chigawo cha Washington.

Lamulo la zaka ndi lapafupi. Wosewera mpirawu akhale asanakwanitse zaka 20 pofika pa 1 September, ndipo akalowa giredi 9, chaka choyamba cha sekondale, amaloledwa kusewera zaka zinayi zotsatizana zokha. Kwathu kuno mkangano wa mpira wa ana umakhala pa kubera zaka, koma kumeneko chikalata chobadwira n'chovuta kuchinamiza, choncho ofuna kuzemba amalowera makomo ena.

Khomo loyamba ndi keyala. Sukulu yaboma iliyonse ili ndi malire ake, ndipo mwana amasewerera sukulu ya kumene akukhala pamodzi ndi banja lake. Pa nthawi imene tikukambayi, wosamuka sukulu banja lake lisanasamuke ankakhala chaka chathunthu osasewera m'timu yaikulu, ankaloledwa m'timu yachiwiri yokha. Umboni wa kokhala umene ofesi ya sukulu imafuna ndi mapepala: pangano la lendi kapena la nyumba yogula, ndi bilu ya magetsi kapena ya madzi yokhala ndi dzina la kholo. Vuto lili pomwepo. Pepala limasonyeza amene akulipira lendi, silisonyeza amene akugona m'nyumbamo. Banja lingathe kuchita lendi kachipinda m'malire a sukulu, kulembetsa magetsi, kupereka mapepala, n'kumakagonabe kunyumba kwawo kwakale. Ena amangobwereka keyala ya mbale kapena ya sapota wa timu. Mlembi wa pasukulu, amene akulembetsa ana mazanamazana, alibe nthawi yokagogoda pakhomo m'mamawa kuti aone ngati m'bafamo muli mswachi wa mwanayo. Ndipo ngati mwanayo ndi amene adzagoletse Lachisanu, ndani pasukulupo ali ndi mtima wokagogoda?

Khomo lachiwiri, la magiredi, ndi limene linatchukitsa nkhani ya Bellevue. WIAA imafuna kuti wosewera azikhoza maphunziro asanu mwa asanu ndi limodzi, kapena asanu ndi limodzi mwa asanu ndi awiri, malinga ndi ndondomeko ya sukulu yake, ndipo maofesi ambiri a maphunziro amawonjezerapo malire awoawo a magiredi. Wolephera amakhala panja kwa milungu ingapo mpaka magiredi akwere. Palinso lamulo lina, lolembedwa ndi cholinga chabwino: mwana wophunzira pa sukulu yapulaiveti imene ilibe timu ya masewero ena ake angathe kusewerera sukulu yaboma ya m'dera lake. Analikonzera ana a m'timasukulu tating'ono kuti asamanidwe masewero. Taonani mmene malamulo awiriwa amagwirira akaphatikizana. Mnyamata akulephera masamu ndi Chingerezi pa sukulu yaboma. Amusamutsira ku kasukulu kapulaiveti kopanda timu. Kumeneko magiredi akwera. Lachisanu avala jezi yomweyo ya sukulu yaboma, ndipo lipoti limene ofesi ya zamasewero ikuona n'lochokera ku kasukulu kaja, kamene ilibe mphamvu yokafufuza mmene amaphunzitsira.

Mu 2015, nyuzipepala ya The Seattle Times inalemba kuti osewera a Bellevue osachepera 17 anadutsira pa sukulu yapulaiveti yaing'ono yotchedwa Academic Institute, ndipo ena amene anaphunzitsapo kumeneko anati inali malo ongogawa magiredi. Eni sukuluyo anakana. Nkhani ya magiredi imapitirira sekondale, chifukwa bungwe la NCAA, loyang'anira masewero a m'mayunivesite, limafuna kuti wolowa m'gulu lapamwamba akhale atakhoza maphunziro ofunikira 16, ndipo kuyambira 2016 avereji yake ikhale 2.3 pa sikelo ya 4. Mwana wopatsidwa magiredi aulere amaloledwa kusewera lero, koma akafika m'kalasi ya ku yunivesite alibe maziko, ndipo akavulala bondo amatsala chimanjamanja.

Khomo lachitatu ndi ndalama, ndipo ndi limene limatsegula awiri enawo. Matimu ambiri a sekondale ku America ali ndi gulu la makolo ndi masapota lotchedwa booster club, limene limasonkha ndalama zogulira zipewa, zitsulo zonyamula ndi zolipirira maulendo. Palibe cholakwa pamenepo. Malire ake ndi awiri. Gululi lisapereke kwa wosewera kapena banja lake chinthu chimene ana ena onse sapatsidwa, monga fizi, lendi kapena ndalama zapamanja, chifukwa kumeneko ndiko kukopa osewera, kumene n'koletsedwa. Ndipo ndalama zopita kwa kochi zoposa madola 500 pa nyengo imodzi ya masewero zizidutsa ku komiti yoyendetsa masukulu a deralo kuti ivomereze. Lamulo lachiwirili limaoneka laling'ono, koma limasunga funso lakuti bwana wa kochi ndani. Kochi wolandira ndalama zambiri kwa masapota kuposa zimene sukulu imam'patsa amamvera masapota, ndipo mphunzitsi wamkulu amatsala ndi dzina lokha. Ku Bellevue kunamveka kuti gululi linkapatsa Goncharoff madola pafupifupi 60,000 pachaka. Iye ndi gululo anati ndalamazo zinali za ntchito zina monga makampu a ana, osati za ukochi wa timu ya sukulu.

WIAA inalemba ntchito maloya awiri amene kale ankaimira boma pa milandu, Carl Blackstone ndi Robert Westinghouse, kuti afufuze. Lipoti lawo linatuluka mu April 2016. Linati panali osewera olembetsa ndi makeyala abodza, makochi ankalozera osewera ku Academic Institute, anthu a booster club analipirira ena fizi kumeneko, kochi analandira ndalama zosavomerezedwa, ndipo akuluakulu a sukulu sanafune kuyang'anitsitsa kwa zaka zambiri. Goncharoff anakana kuti anaphwanya malamulo, koma ukochi wake pa Bellevue unathera pomwepo.

Kufufuzako nakonso kunali ndi zilema zake. Ofufuza a bungwe la masewero si apolisi. Sangakakamize munthu kuyankha, sangaitanitse mabuku a kubanki, ndipo malamulo a dzikolo amateteza kwambiri zolembedwa za mwana wasukulu. Motero amadalira amene wafuna kulankhula, ndipo olankhula ena amakhala ndi zifukwa zawo. Choopsa china n'chakuti kukayikira kumagwera ana ooneka osiyana ndi anzawo. Mu mzinda wolemera ngati Bellevue, mabanja ena anadandaula kuti ofufuza ankalondola makamaka anyamata achikuda, ngati kuti mwana wakuda sangakhale m'dera limenelo mwachilungamo. Dandaulo limeneli silifafaniza zimene zinapezeka, komabe ndi lomveka. Banja losauka limene lasamukadi, n'kumakhala mothinana m'chipinda chimodzi kuti mwana aphunzire pa sukulu yabwino, mapepala ake amaoneka chimodzimodzi ndi a banja lonamiza. Banja lolemera lingathe kungogula nyumba pafupi ndi sukulu chifukwa cha mpira womwewo, ndipo palibe lamulo limene laphwanyidwa. Ine ndimaona kuti apa lamulo la keyala limalanga kusowa ndalama kuposa mmene limalangira mtima wofuna kuzemba.

Njira zimene masukulu osamala amatsata si zachilendo. Wosewera aliyense wobwera kuchokera kwina amaunikidwa asanavale jezi, osati masewero atayamba. Sukulu yakale imafunsidwa kuti isaine ngati ikudziwa chifukwa chimene mwanayo wachokera. Wina wosakhudzidwa ndi timu amakaona nyumba yatsopano, n'kufunsanso ngati yakale yagulitsidwa kapena yasiyidwadi. Lipoti lochokera ku sukulu yapulaiveti limayerekezedwa ndi magiredi akale a mwanayo, chifukwa wolephera masamu mu June n'kukhoza bwino kwambiri mu August ayenera kufunsidwa mafunso. Ndalama za booster club zimalowa mu akaunti ya sukulu, mabuku ake n'kumawerengedwa chaka chilichonse. Zonsezi zimagwa pamalo amodzi: amene ayenera kuzichita ndi mkulu wa zamasewero pasukulupo, munthu amene amakhala m'dera lomwelo ndi masapota, ndipo ntchito yake imakoma timu ikamapambana. Dongosolo lonse limadalira kuti sukulu izidzinenera yokha ikalakwa.

Chilango chake chimakhala chouma. Timu ikaseweretsa wosayenera, ngakhale atalowa mphindi imodzi, masewero onse amene analowamo amawerengedwa kuti yagonja. Mu 2016 ligi ya KingCo, imene Bellevue imaseweramo, inailetsa kulowa ndime yachipulula kwa zaka zinayi, inailetsa kusewera ndi matimu akunja kwa chigawo, ndiponso kulandira thandizo la magulu akunja kwa sukulu. Pa apilo zakazo zinachepetsedwa, koma zikho za 2012 ndi 2013 zinalandidwa. Anyamata a timu ya 2016, amene ambiri anali ku pulaimale pamene zinthuzi zinkayamba, ndiwo anamaliza masewero awo opanda mwayi wolimbirana chikho. Anzawo a 2012 ndi 2013 amene ankakhaladi m'malire a sukulu, n'kumakhoza okha mayeso, nawonso zikho zawo zinafafanizidwa pamodzi ndi za ena.

Bellevue inadzatenganso chikho cha 3A mu 2021 ndi mu 2023, kochi ali Michael Kneip, amene anasewerapo m'timu yomweyi ali mnyamata. Kaseweredwe kake kanali Wing-T yomwe ija.